Makina opunthira nandolo a ku Luchenza: luso lilipo, koma pepala palibe

Mashopu ambiri owotcherera zitsulo ku Luchenza amadyera mageti, mafelemu a mawindo, zitseko ndi makaliyala a njinga za kabaza. Imodzi mwa mashopuwa imalandiranso ntchito imene anzawo amaithawa: munthu kufika ndi vuto lokha, wopanda chithunzi, wopanda makina oti akopereko, n'kunena kuti mundipangire chinthu chogwira ntchito yakutiyakuti. Ndemangayi ikukamba za ntchito imeneyo, ndipo tiiyezera pa makina amodzi, opunthira nandolo, amene shopuyi inapangira gulu la alimi a mbali ya ku Chonde. Makinawo anatuluka abwino, koma anakhala bwino pa ulendo wachitatu, ndipo aliyense wofuna kupereka dipoziti ayenera kudziwa chimene chinachitika pa maulendo awiri oyambawo.

Nandolo ndi ndalama ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Amadzalidwa m'munda umodzi ndi chimanga, ndipo wambiri amathera kwa mavenda, kenako kumakampani a ku Limbe, mpaka ku India. Chotopetsa chake ndi kupuntha. Makoko amaunjikidwa pabwalo kapena kuikidwa m'thumba, n'kumamenyedwa ndi ndodo, kenako amayi atenge malichero kupeta tsiku lonse. Wogula akapisa dzanja m'thumba amayang'ana zinthu ziwiri, zinyalala ndi njere zosweka, ndipo akazipeza mtengo amadula. Makina otongolera chimanga amene ali ponseponse sathandiza pano, chifukwa anapangidwira chitsononkho, osati khoko lopepuka lokhala ndi njere zosachedwa kugawika pakati.

Mbali yoyamba ya ntchito, yofunsa mafunso, shopuyi imaichita bwino kuposa mmene mungayembekezere. Mmisiri wamkulu asanakhudze chitsulo anafuna kudziwa ngati alimiwo amathyola makoko okha kapena amadula ndi nthambi zomwe, chifukwa nthambi zimafuna pakamwa potakata ndi dramu lamphamvu (chitsulo chozungulira chimene chimamenya makoko), pomwe makoko okha amalola makina aang'ono. Anafunsa ngati kumene makina akagwire kuli magetsi a ESCOM, ndipo atamva kuti kulibe, nkhani ya mota inathera pomwepo n'kugwirizana za injini ya petulo ya 6.5 hp, yofanana ndi imene imayendetsa mapampu a madzi, imene masipeya ake sasowa pamsika. Anafunsanso kuti makinawo azinyamulidwa motani. Funso limeneli n'lofunika m'dera la zitunda ndi tinjira todutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndipo n'chifukwa chake injini anaimanga ndi mabawuti anayi okha kuti izichotsedwa, anthu awiri n'kunyamula felemu, mmodzi injini.

Chimene sichinachitike ndi kulemba. Palibe pepala limene linanena kuti makinawa azipuntha makilogalamu angati pa ola, njere zosweka zisapitirire zingati pa kilogalamu, kapena kulemera kwake kukhale kotani. Zonse zinathera pakamwa. Chithunzi cha makina chinajambulidwa ndi choko pasimenti ya m'shopu, chachikulu ngati makina enieniwo, ndipo zidutswa za malata zinayamba zadulidwa pa makatoni kuti aone ngati zikugwirizana. Njira ya makatoniyi ndi yanzeru, imapulumutsa malata. Koma choko chimafufutika mnyamata wosesa akadutsa m'mawa, ndipo kuyambira pamenepo miyezo yonse imakhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Tibwererakonso ku nkhani imeneyi, chifukwa ndiye bala lalikulu la shopuyi.

Makina oyamba anali otere. Felemu ya angle iron ya 40 kwa 40, yokhuthala mamilimita 4. Dramu lotalika mamilimita 600, lokhala ndi mizere inayi ya mano, ndipo kuyeza kuchokera kunsonga ya dzino kufika kunsonga ya dzino la mbali inayo ndi mamilimita 400. Mano anapangidwa ndi mabawuti a M12 omangidwa ndi manati awiriawiri, osati zitsulo zowotcherera. Ichi n'chisankho chabwino, chifukwa dzino likatha kapena kupindika mlimi amalisintha yekha ndi sipanala. Pansi pa dramu pali sefa yopindika ya chitsulo cha mamilimita 2 yokhala ndi mabowo a mamilimita 10, ndipo pansi pa sefayo fani ya mapiko anayi imauzira mankhusu kunja pamene njere zikutsetserekera m'thumba.

Poyesa koyamba makina analira mokoma, makoko anaphwanyika onse, koma m'thumba munagwa dalo, nandolo wosweka. Njere zochuluka zinagawika pakati, zina kusanduka zinyenyeswa. Apa ndi pamene ambiri amalakwa poganiza kuti injini yachuluka mphamvu. Chimene chimaswa njere ndi liwiro limene dzino limaimenyera, ndipo liwirolo limachokera ku mapuli, mawilo amene lamba amayendapo. Pa injini panali puli ya mamilimita 75, pa dramu ya 250. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, muchulukitse 3,000 ndi 75 n'kugawa ndi 250, mupeza kuti dramu likuzungulira ka 900. Dramu la mamilimita 400 likazungulira kamodzi nsonga ya dzino imayenda mamita 1.26, ndiye ka 900 pa mphindi ndi pafupifupi mamita 19 pa sekondi. Liwiro limenelo mpunga ungalipirire, nandolo ayi. Iye amafuna pafupifupi theka lake. Masamu amenewa amatenga mphindi ziwiri pa foni, ndipo akanachitika poyamba, thumba lathunthu la alimi silikanasanduka ndiwo.

Chiyeso chimene chimabwera pamenepa ndi kungochepetsa moto wa injini. Shopuyi inakana njira imeneyo, ndipo inachita bwino. Injini zazing'onozi zikamayenda pansi kwambiri mphamvu zimatha, mukathira makoko ambiri zimazima, komanso zimatentha chifukwa mpweya woziziziritsa umachokera ku mapiko a pa flywheel yake yomwe. Fani ya mankhusu nayonso imafooka. Kuchepetsa puli ya pa injini sikunali kotheka, chifukwa lamba wa mtundu wa A safuna puli yochepera mamilimita 75. Akapindika kwambiri amatentha, kuterereka ndi kung'ambika msanga. Puli ya 500 ya pa dramu ikanathetsa vutoli, koma ndi yosowa, yodula ndiponso yolemera. Anasankha kuika shafti yapakati, ndodo yachitsulo yozungulira pakati pa injini ndi dramu. Kuchoka pa puli ya 75 ya injini lamba amapita pa ya 200, ndipo shafti yapakatiyo imazungulira ka 1,125. Pa shafti yomweyo pali puli ya 100 yokoka ya 250 ya pa dramu, n'kutsitsa dramu kufika pa 450. Nsonga ya dzino tsopano ikuyenda mamita 9 ndi pang'ono pa sekondi. Fani anaisamutsira pa shafti yapakati kuti isataye mphepo yake. Mtengo wa zimenezi ndi maberingi awiri owonjezera, lamba wachiwiri ndi kulemera kwina, koma njere zinayamba kutuluka zathunthu.

Ulendo wachiwiri unaulula matenda ena amene liwiro linkabisa m'phokoso. Makina ankanjenjemera mpaka kuyenda okha pabwalo, manati akumasuka, ndipo pasanathe tsiku felemu inaonetsa mng'alu pamene pamakhala injini. Zifukwa zinali zitatu, ndipo zonse zimapezeka kawirikawiri m'mashopu a kuno.

Choyamba, zimbale za m'mbali mwa dramu zinawotchereredwa pa shafti penipeni, ndipo wowotchererayo anamaliza mbali imodzi yonse asanapite mbali inayo. Chitsulo chotentha chikamazizira chimakokana, ndiye shafti inakhota pang'ono, mosaoneka ndi maso koma momveka pa maberingi. Chachiwiri n'chaching'ono koma chimapha makina ambiri. Shafti inali ya mamilimita 25, koma maberingi amene anagulidwa anali UCP205-16, amene bowo lake ndi la inchi imodzi, kutanthauza mamilimita 25.4. Ya mamilimita 25 enieni ndi UCP205 yopanda nambala kumapeto. Pashelefu ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo wogulitsa wina amangokupatsani imene ili pafupi. Mpata wa 0.4 umenewo ukakhalapo, mukamanga tizikuluwu ta beringi shafti imakankhidwira mbali imodzi n'kumazungulira mopendekeka, kenako imadyeka pamene pali beringiyo. Chachitatu, dramu silinayesedwe ngati mbali zake zikulemera mofanana.

Kukonza kwake kunali kwaukhondo. Shafti inasinthidwa n'kuika ya mamilimita 30 ndi maberingi a UCP206. Zimbale za dramu anaziwotcherera pa mahabu, zitsulo za bowo pakati zosemedwa pa lathe (makina osemera zitsulo), ndipo mahabuwo amagwira shafti ndi kiyi ya mamilimita 8, kachitsulo kolowa mu mpata wosemedwa pa shafti, kotero kuti moto sukhudzanso shafti. Dramu analigoneka pa misana ya ma angle iron awiri oyalidwa mowongoka ndi levulo. Mbali yolemera imagubuduzikira pansi yokha. Kumwambako ankawotchererako mawasha limodzilimodzi mpaka dramu linayamba kuima paliponse pamene mwalisiya. Felemu inalandira zitsulo zopingasa m'makona, ndipo pokhala injini anaikapo chitsulo chafulati chokhala ndi mabowo aataliatali kuti injini izisunthika pokunga lamba. Pokunga, muyezo ndi uwu: mukadina pakati pa lamba ndi chala, azilowa pafupifupi mamilimita 16 pa mita iliyonse ya mtunda wa pakati pa mapuli. Mukakungitsa mupha maberingi, mukalekerera lamba aterereka n'kununkha.

Apa pali mfundo yokomera shopuyi imene siyenera kudutsidwa mwachangu. Ntchito yonse yobwerezayi sanalipiritsenso ya manja. Alimi anagula zitsulo zatsopano ndi maberingi, koma kumasula, kudula ndi kuwotcherera kachiwiri ndi kachitatu kunalowa mu mtengo woyamba. Amisiri ambiri zikafika pamenepa amayamba kuloza chala mwini ntchito kuti ndinu munafuna zachilendo, kapena foni imangoitana osayankhidwa. Awa anapita okha kumudzi ndi bokosi la masipanala kukaona makina akugwira ntchito m'manja mwa eni ake, ndipo n'kumeneko kumene anatulukira vuto lachitatu.

Vutolo ndi chinyezi. Mashopu amayesa makina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndi makoko amene akhala pasimenti yotentha. Kumudzi anthu amayamba ntchito m'mamawa, ndipo amene amadziwa Mulanje ndi Thyolo amadziwa chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kamene kamatha kukhala masiku angapo m'miyezi yozizira. Khoko la nandolo likamwa chinyezi limafewa, m'malo mothetheka limangopindika, n'kumazungulira ndi dramu mpaka sefa kutsekeka. Kumbali inayi, njere zikaumitsitsa zimasweka msanga ngakhale pa liwiro labwino. Makina a mpata umodzi wokhazikika sangakwanitse zonse ziwiri. Anadula zogwirira sefa n'kuziika pa mabawuti a mabowo aataliatali, kotero kuti mpata wa pakati pa mano ndi sefa umasinthika. Poyambira pabwino ndi mamilimita 25 kolowera ndi 15 kotulukira. Makoko akamatuluka osatseguka muchepetse pang'ono, njere zikamasweka muonjezere. Anapanganso sefa yachiwiri ya mabowo a mamilimita 12, chifukwa m'gulu limodzi wina amalima Mthawajuni, wina Mwaiwathu Alimi, wina mbewu yosunga agogo ake, ndipo njere zake sizifanana kukula. Njere ikalephera kudutsa bowo imabwerera kwa mano kukamenyedwa kachiwiri. Pa fani anaikapo kachitseko kotsetsereka kochepetsera mphepo, chifukwa poyamba njere zazing'ono zinkauluka limodzi ndi mankhusu, nkhuku zokha n'kumakondwa.

Ngakhale zili choncho, makinawa si mankhwala a makoko onyowa. Ngati khoko silikuthetheka mukalifinya m'manja, ndipo njere mukailuma mano akulowa m'malo moti iphulike, yanikani kaye.

Kawotchereredwe kake n'kabwino pa felemu, pamene anagwiritsa ntchito marodi a 6013 a mamilimita 3.2, mizere yake yosalala ndi yolowa bwino. Pa malata a mamilimita 1.6 a chivundikiro ndi a pothirira makoko ndi pamene pakuoneka dzanja la wophunzira: pali malo oboola ndi moto kenako n'kumatidwa, ndi m'mphepete mwakuthwa mosadutsitsa galayindala. Mukapeza mzere wotupa pamwamba ngati mbozi koma m'mbali mwake simunasungunuke, dziwani kuti unawotchedwa magetsi ali ofooka, ndipo pa malo onyamula katundu muuze mmisiri audule ayambirenso. Penti ndiye yokhumudwitsa. Anapaka wobiriwira wonyezimira pachitsulo chosapala, opanda red oxide pansi, ndipo m'dera la mvula yambiri ngati lino dzimbiri limayamba kutuluka m'makona nyengo imodzi isanathe. Mkati mwa chivundikiro, mmene maso safika, simunapakidwe kalikonse.

Pa chitetezo shopuyi iyenera kudzudzulidwa mosapsatira. Makina anatuluka malamba onse awiri ali pamtunda, ndipo chotchingira chinaikidwa eni ake atachita kuumirira. Opuntha nandolo ambiri ndi amayi ovala zitenje, ana akusewera pomwepo. Lamba akagwira nsonga ya chitenje sakufunsani. Pothirira makoko nayonso poyamba panali pafupi kwambiri ndi dramu, moti dzanja lokankhira makoko limatha kufika pa mano. Khosi lake liyenera kutalika kuposa mkono wa munthu wamkulu, kapena likhale lokhota kuti dzanja lisawongoke kulowa mkati. Anakonza, inde, koma zinthu ziwirizi siziyenera kudikira kuti kasitomala azikumbukire.

Nthawi imene analonjeza inali masabata atatu, ndipo inapitirira kawiri ndi kuposerapo. Zifukwa zina si zawo: magetsi akazima ntchito yowotcherera imaima, ndipo shopuyi ilibe lathe, ndiye mahabu ndi mipata ya kiyi zimakasemedwa ku Limbe, n'kudikira mzere wa kumeneko. Koma zina ndi zawo. Geti la munthu wolipira lero limadumpha mzere, makina oyesera n'kukankhidwira kukona. Ndipo walira mvula walira matope: wofuna chinthu chimene sichinapangidwepo avomere kuti choyamba kutuluka ndi choyesera chabe. Cholakwa cha shopuyi n'chakuti sinena zimenezi poyamba. Imatchula mtengo ndi tsiku ngati ikupanga geti, pamene ikudziwa kuti padzakhala kumasula ndi kubwereza.

Tibwerere ku pepala lija. Makina achitatu akugwira ntchito, koma palibe paliponse pamene palembedwa kukula kwa mapuli, nambala za malamba, mtunda wa pakati pa mashafti kapena kayalidwe ka mano. Gulu lina likafuna makina ofanana, mmisiri adzayenera kukabwereka a ku Chonde aja kuti awayeze ndi tepi, kapena kudalira chikumbumtima, ndipo zolakwa zimene zinalipiridwa kale zikhoza kubwereranso chimodzichimodzi. Sefa ikatha, mlimi sangatumize uthenga kuti mundipangire ina; ayenera kunyamula yakaleyo mpaka ku Luchenza. Mmisiri wamkuluyo akadwala, anyamata ake sangapitirize. Zimenezi zimapweteka kwambiri mukakumbukira kuti sukulu ya ukachenjede ya MUST ili ku Ndata, m'boma lomweli la Thyolo, ndipo ili ndi ophunzira zaumisiri amene kujambula makina otere pa kompyuta ndi ntchito ya masiku ochepa. Ngakhale kope la sukulu ndi pensulo zikanakwana.

Wopita kukapereka ntchito yotere kumeneko achite izi. Mulembe nokha zimene mukufuna, m'manambala, ndipo nonse musayine: makilogalamu pa ola, malire a njere zosweka, mtundu wa injini, chotchingira lamba, penti ya pansi. Mugawe malipiro patatu, gawo la zipangizo, gawo la pambuyo pa kuyesa koyamba, ndi gawo lomaliza makina atagwira ntchito kumudzi kwanu, osati pakhonde la shopu. Munene kuti gawo lomalizalo lidzatuluka limodzi ndi pepala la miyezo ndi nambala za masipeya. Maberingi ndi malamba mukagule limodzi kapena muone mabokosi ake, chifukwa otchipa kwambiri amalira pakatha masabata ochepa. Ndipo musunge matumba osachepera atatu a makoko osapuntha. Ambiri amaganiza za makina m'nyengo ya dzinja pamene akukonzekera zokolola, nthawi imene makoko ouma sapezeka, ndiye makina amayesedwa ndi kamtanga kamodzi n'kunenedwa kuti atheka.

Poyesa, musadalire maso. Muyeze makilogalamu 20 a makoko pa sikelo, muthire mosalekeza uku wina akuwerenga nthawi pa foni. Muyale lona kotulukira mankhusu, kenako mupete zimene zagwera pamenepo kuti muone njere zimene fani yataya. M'thumba mutapemo kilogalamu imodzi, osati pamwamba pokha, musankhe zosweka n'kuziyeza pazokha. Muonenso makoko otuluka osatseguka. Mukatero siyani makina ayende ola lathunthu ali ndi katundu, muzimitse, n'kugwira nyumba za maberingi: zikhale zofunda, osati zootcha dzanja. Muyesenso manati a mano ndi sipanala. Mubwereze zonsezi m'mawa wa tsiku lina, mame asanaume.

Shopuyi ndi yoyenera gulu la alimi kapena wabizinesi yaing'ono amene ali ndi nthawi, amene angathe kufika ku Luchenza kangapo, ndipo ali ndi munthu mmodzi wosaopa tepi ndi masamu a mapuli. Bungwe lofuna makina makumi awiri ofanana, oti sipeya ya awa ilowe pa awo, lisayambire pano pokhapokha litabwera ndi zojambula zake ndi zikombole zodulira. Wofuna makina sabata yamawa chifukwa nandolo waunjikana kale pabwalo, chaka chino apunthe ndi ndodo, asunge matumba atatu aja, apite kushopu mwezi wa Novembala.